Dzanja Limanjenjemera, Nanga Mfuti Ilemere Bwanji?

Pa 30 Julaye 2024, m'tauni ya Châteauroux pakati pa dziko la France, bambo wina wa zaka 51 wa ku Turkey anaima pamzere wowombera atavala tisheti yoyera ndi magalasi wamba a m'maso, dzanja lamanzere ali nalo m'thumba. Anzake ambiri pamasewerawa amavala magalasi apadera okhala ndi kotsekera diso limodzi komanso zophimba makutu zikuluzikulu, pamene iye anangotseka makutu ndi tinthu ting'onoting'ono tachikasu. Bamboyo ndi Yusuf Dikeç. Tsiku limenelo iye ndi mnzake Şevval İlayda Tarhan anapata mendulo ya siliva ya Olimpiki pa mpikisano wa awiriawiri wowombera ndi pistol ya mpweya pa mtunda wa mamita 10, atagonja kwa Zorana Arunović ndi Damir Mikec a ku Serbia. Chithunzi chake chinawanda pa intaneti, ndipo anthu miyandamiyanda amene anali asanaonerepo masewerawa anagamuliratu mlandu: katswiri weniweni safuna zipangizo.

Chigamulochi chimakoma m'khutu, koma n'cholakwika. Dikeç anayamba kupita ku Olimpiki mu 2008, ndipo ulendo wa mu 2024 unali wachisanu. Kupisa dzanja m'thumba sikunali kuonetsa dala kuti zinthu n'zophweka, chifukwa malamulo amalola kugwira mfuti ndi dzanja limodzi lokha, ndiye owombera ambiri amaika linalo m'thumba kapena palamba kuti phewa lisagwedezeke. Ndipo chimene chinali m'dzanja lake lamanja sichinali chinthu wamba ayi. Mfuti za akatswiri oterewa, zopangidwa ndi makampani monga Steyr ya ku Austria, Morini ya ku Switzerland, Pardini ya ku Italy, Walther ndi Feinwerkbau a ku Germany, mtengo wake umadutsa mayuro 1,500, ndipo mwiniwake amakhala atazisintha mwina ndi mwina mpaka zitagwirizana ndi chikhatho chake.

Munthu amene wangoyamba kumene, kaya ndi mtsikana wa ku Haryana ku India kapena bambo wa ku Bavaria amene walowa kalabu ya m'mudzi mwawo, sadziwa zonsezi. Chimene amadziwa n'chakuti atanyamula mfuti ya kalabu kangapo, phewa layamba kuotcha, ndipo kadontho kakuda ka pachandamale kali kutsogoloko kakuvina. Funso lake loyamba kwa mphunzitsi limakhala lomwelomwelo kulikonse: kodi palibe yopepukako? Limamveka ngati funso la m'sitolo. Pansi pake pagona funso lina lakalekale, limene anthu opemphera ndi anthu oganiza mozama akhala akulimbana nalo mibadwo yonse: munthu achite nako chiyani kufooka kwake? Akubise, akuchotse, kapena aphunzire kugwira ntchito kuli pomwepo?

Kuti funsoli limveke bwino, m'pofunika kuona kaye ntchito yake. Wowombera amaima chilili, osatsamira paliponse, mamita 10 kuchokera pa chandamale. Kachipolopolo kake n'ka mtovu, kotambalala mamilimita 4.5, kolemera pafupifupi theka la galamu, ndipo kamakankhidwa ndi mpweya wopanikizidwa m'kathanki kamene kali kunsi kwa mpope wa mfutiyo. Pachandamalepo, bwalo lapakati lopatsa mapointi 10 n'lotambalala mamilimita 11.5 okha. Wopikisana amawombera ka 60 m'mphindi 75, ndipo mapointi onse otheka ndi 600. Jin Jong-oh wa ku South Korea anafika pa 594 mu 2009. Magalasi okulitsa chandamale saloledwa pamfutipo. Pali kachitsulo koima kumapeto kwa mpope ndi kampata kumbuyo, basi. Kachitsuloko kakapatuka ndi milimita imodzi yokha m'kampatamo, kachipolopolo kamakagwa pafupifupi masentimita atatu kuchokera pakati, ndipo 10 uja wasanduka 7.

Bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse la ISSF, limene likulu lake lili ku Munich, linaika malire pa mfuti yeniyeniyo. Isalemere kupitirira magalamu 1,500. Ikwane m'bokosi la mamilimita 420 mulitali, 200 mulifupi ndi 50 kukhuthala. Chogwirira chake chisafike pochirikiza mfundo ya dzanja. Ndipo chokhethemulira, kachitsulo kaja kamene chala chamkombaphala chimakoka, chisagonje msanga: pamafunika mphamvu yosachepera magalamu 500 kuti chiwombe, ndipo oyang'anira amachiyesa pochikoloweka mwala wa sikelo.

Malire a kulemera kopitirira alipo, koma a kupepuka palibe. Wopanga mfuti ali ndi ufulu wopanga ya magalamu 500 atafuna. Komabe pafupifupi mfuti zonse za akatswiri zimalemera cha m'ma kilogalamu imodzi, ndipo ambiri mwa iwo amachita kuwonjezerapo tizitsulo tolemetsa kumpope. Apa ndi pamene woyamba kumene amadabwa.

Chifukwa chake chili m'thupi la munthu. Dzanja la wina aliyense, ngakhale wathanzi chotani, limanjenjemera pang'onopang'ono, ka 8 mpaka ka 12 pa sekondi iliyonse. Mtima ukagunda, mkono umadziwa. Thupi lonse limapendekera kutsogolo ndi kumbuyo ngakhale munthu akuona ngati waima nji. Chinthu cholemera chimachedwa kutsatira kugwedezeka kumeneku, pamene chopepuka chimamvera chilichonse chimene mnofu wachita. Mfuti yopepuka kwambiri imanjenjemera pamodzi ndi mwiniwake mofulumira, mwakuti diso silithanso kutsatira kachitsulo kakutsogolo. Ndiye pali nkhani ya chokhethemulira chija. Ngati mfuti ikulemera magalamu 800, chala chikuikankha ndi mphamvu yoposa theka la kulemera kwake nthawi iliyonse yowomba. Chala chikangokokera kumbali pang'ono, mpope wonse umapita komweko. Pa mfuti ya magalamu 1,100 cholakwa chomwecho chimachepako.

Wina atha kunena kuti basi, nkhani yatha, agule yolemera. Ayese kaye kutenga paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, aitambasulire kutsogolo ndi mkono wowongoka molingana ndi phewa, aigwire choncho masekondi 15, aitsitse, apume, abwerezenso ka 60, kuwonjezapo maulendo ena amene wowombera amakweza mfuti n'kuitsitsa osawomba. Pofika pakati, mnofu wa paphewa umakhala utatopa, ndipo mnofu wotopa umanjenjemera kuposa wopuma. Mfuti yolemera mopitirira mphamvu za mwiniwake imamuphunzitsa makhalidwe oipa: kupendekera chambuyo kuti apeze mphamvu, kukweza phewa mpaka kukhutu, ndi kuwomba mothamanga kuti athane nazo mkono usanagwe. Makhalidwe otere akakhazikika m'miyezi yoyamba, pamatenga zaka kuti achoke. Ena amavulala nawo chigongono ndi phewa.

Palinso kumene kulemerako kwakhala. Mfuti ya ku Russia yotchedwa Baikal IZH-46M yaphunzitsa anthu ambiri kuwombera chifukwa inali yotsika mtengo komanso yolunjika bwino, koma imalemera kupitirira kilogalamu ndipo kulemerako kwachulukira kutsogolo, mwakuti achinyamata ndi anthu a mikono yaing'ono amalimbana nayo. Hämmerli AP20, imene makalabu ambiri a ku Ulaya amapatsa oyamba kumene, siifika magalamu 900. Makampani akuluakulu aja amapanganso mitundu yaifupi ya mfuti zawo, yokhala ndi mpope wofupikirapo ndi kathanki kakang'ono, kuti kulemera kubwere pafupi ndi dzanja. Yaifupi imapepuza mkono, ndipo poti kachitsulo kakutsogolo kayandikira, kugwedezeka sikuoneka kwambiri, mtima wa wophunzira umakhala m'malo. Koma kusaoneka kwa cholakwa sikutanthauza kuti cholakwacho chachoka. Pa mfuti yaifupi, kupatuka kwakung'ono komweko kumatumiza kachipolopolo kutali kwambiri ndi pakati.

Tsono kulikonse kumene wogula angathawire, kufooka kwake akakupezako. Yopepuka imaonetsa kunjenjemera, yolemera imaonetsa kutopa, yaifupi imabisa lero zimene idzaulule pachandamale. Sitolo ilibe mfuti yochotsa munthu mwa munthu.

Ndipo eni masewerawa safuna kuti ikhalepo. Apa ndi pamene nkhaniyi ikuchoka m'manja mwa opanga zitsulo n'kulowa m'manja mwa oganiza. Njira zoti kachipolopolo kazigwa pakati nthawi zonse n'zodziwika ndi mwana yemwe: kugwira ndi manja awiri, kutsamiritsa mkono patebulo, kumangirira galasi lokulitsa, kufewetsa chokhethemulira mpaka chiziwomba ndi kungochikhudza. Makampani amayesa mfuti zawo atazimanga pachitsulo chosagwedera, ndipo zipolopolo zimalowa pafupifupi pabowo limodzi. Zonsezi malamulo anazikana dala. Katswiri wa nzeru zakuya Bernard Suits, m'buku lake la 1978 lotchedwa The Grasshopper, anafotokoza kuti kusewera kulikonse ndi kuvomera mwaufulu zopinga zimene munthu akanatha kuzilambalala. Wowombera pistol wavomera chopinga chachikulu kuposa zonse, chimene ndi thupi lake lomwe. Mpikisano wake suyesa ngati kachipolopolo kangafike pakati, poti zimenezo chitsulo chinayankha kale. Umayesa zimene munthu wonjenjemera, wamantha, wa mtima wogunda angachite ali momwemo.

Umboni wake uli m'mbiri ya amene anayesa kuzemba. Munthu woyamba kuchotsedwa pa Olimpiki chifukwa cha zimene anamwa sanali wothamanga kapena wonyamula zitsulo. Anali Hans-Gunnar Liljenwall wa ku Sweden, ku Mexico City mu 1968, pa mpikisano wa masewera asanu wotchedwa modern pentathlon. Anamwa mowa pang'ono kuti mtima ukhazikike asanapite kowombera pistol, ndipo timu yonse ya Sweden inalandidwa mendulo yachitatu. Patatha zaka 40, ku Beijing mu 2008, Kim Jong-su wa ku North Korea analandidwa mendulo ziwiri, ya siliva pa mamita 50 ndi yachitatu pa mamita 10, atamupeza ndi propranolol m'thupi. Mankhwalawa madokotala amapatsa odwala mtima ndi othamanga magazi. Amachepetsa kugunda kwa mtima ndiponso kunjenjemera kwa manja. Kwa wodwala ndi chifundo. Kwa wopikisana ndi kuchotsa chinthu chenicheni chimene anabwerera kudzayesedwa.

Woyamba kumene amene akufunafuna mfuti yopepuka sakuba ngati anthu awiriwa, ndipo palibe chifukwa chomuchitira manyazi. Koma chilakolako chake chili pachibale ndi chawo: akufuna kuti chinthu chakunja chimuchotsere vuto limene lili m'kati. Mphunzitsi wabwino amadziwa zimenezi, ndiye m'malo momutengera ku sitolo amamuphunzitsa zinthu ziwiri zimene poyamba zimamveka ngati zosemphana ndi nzeru.

Choyamba n'chakuti asayang'ane chandamale. Diso la munthu silingaone bwino zinthu ziwiri zotalikirana nthawi imodzi, ndiye wowombera amaika diso pa kachitsulo kakutsogolo kwa mfuti yake, kadontho kakuda kaja n'kumaoneka mwachimbuuzi. Ambiri salunjika n'komwe pakati. Amalozetsa pamalo oyera kunsi kwa chakudacho, kumene kachitsulo kamaoneka bwino, atasintha zoonera kuti kachipolopolo kazikwera kokha. Chachiwiri n'chakuti asadikire kuti mfuti iime, chifukwa siidzaima. Pali makina ophunzitsira otchedwa SCATT amene amalumikizidwa kumpope n'kumajambula pa kompyuta njira imene mfuti yayenda isanawombe. Ngakhale kwa akatswiri a dziko lonse, mzerewo umakhala wopotanapotana. Kusiyana kwake n'kwakuti umazungulira pamalo aang'ono. Wophunzira akaona kachitsulo kadutsa pakati n'kukoka msanga kuti akagwire pomwepo, amawomba 6 kapena 7, chifukwa kukoka modzidzimutsa kumapotoza mfuti kuposa kunjenjemera komwe. Chofunika ndi kuwonjezera mphamvu ya chala pang'onopang'ono, mfuti ili m'kati moyendayenda, mpaka iwombe ngati yadzifunira yokha. Masekondi akadutsa pafupifupi 10 isanawombe, aitsitse, apume, ayambirenso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pamzere wowombera kutsitsa mfuti osawomba ndi limodzi mwa maluso ovuta kwambiri kuphunzira, poti mtima umauza munthu kuti wanyamula kale, angomaliza.

Anthu opemphera akamva zimenezi amazindikira mawu a kwawo. Manu Bhaker wa ku India anapita ku Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021 ali ndi zaka 19, dziko lonse la kwawo likuyembekeza mendulo. M'kati mwa ndime ya chipulula mfuti yake inawonongeka, nthawi inatayika poikonza, ndipo sanalowe m'ndime yomaliza. Patatha zaka zitatu, ku Châteauroux komwe kuja, anapata mendulo ziwiri zachitatu, imodzi payekha ndi ina pamodzi ndi Sarabjot Singh, n'kukhala mkazi woyamba wa ku India kupata mendulo ya Olimpiki pa kuwombera. Atolankhani atamufunsa zimene zinali m'maganizo mwake pa zipolopolo zomaliza, anatchula Bhagavad Gita, buku lopatulika la Ahindu, limene limaphunzitsa kuti munthu agwire ntchito imene ili patsogolo pake osamangirira mtima pa zotsatira. Anzeru a ku Greece ndi ku Roma otchedwa Asitoiki anali ndi chitsanzo chofanana cha woponya muvi: kulunjika bwino kuli m'manja mwake, koma muvi ukachoka pauta zatuluka m'manja mwake. Mkhristu ndi Msilamu amadziwanso kusiyanitsa gawo la munthu ndi gawo la Mulungu.

Chiphunzitso chimenechi chimatha kumveka ngati chotonthozera olephera, koma pamzere wowombera chimapimidwa ndi manambala. Amene wayang'ana chandamale, ndiye kuti wayang'ana zotsatira, amataya kachitsulo kakutsogolo ndipo amaphonya. Amene akuwerengera mapointi m'mutu mpikisano uli m'kati, mtima umamuthamanga. Jin Jong-oh uja, m'ndime yomaliza ya mamita 50 ku Rio de Janeiro mu 2016, anawomba 6.6, chinthu chimene katswiri wa msinkhu wake sachita kawirikawiri, ndipo anatsala pang'ono kutuluka. Chipolopolo chimenecho chinali chitapita, panalibe chochibweza. Anabwerera ku chimene chinali m'manja mwake, chipolopolo chotsatira, ndipo anakwera mmodzimmodzi mpaka kupitirira Hoàng Xuân Vinh wa ku Vietnam n'kutenga golide wachitatu motsatizana pa mtunda umenewo.

Koma pano m'pofunika kusamala, chifukwa nkhani ya Bhaker ili ndi mbali ina imene okonda kulalikira amaidumpha. Ku Tokyo sichinamugwetse chikhulupiriro chochepa. Chinamugwetsa chitsulo chothyoka. Kusiya zotsatira m'manja mwa Mulungu sikumasula munthu ku udindo wosankha ndi kusamala chida chake. Chida chili mbali ya zinthu zimene zili m'manja mwa munthu, ndipo amene amati zipangizo zilibe ntchito, monga anachitira oonera chithunzi cha Dikeç, akunyoza theka la ntchitoyo.

Nkhani ya Davide ndi Goliati, m'buku loyamba la Samueli mutu 17, imathandiza pamenepa kuposa mmene ambiri amaiwerengera. Mfumu Sauli inaveka mnyamatayo zovala zake zankhondo, chisoti chamkuwa ndi lupanga. Davide anayesa kuyenda nazo, n'kuzivula. Alaliki ambiri amaimira pa kulemera kwa zidazo, ngati kuti phunziro lake n'lakuti chopepuka chimaposa cholemera. Chifukwa chimene Davide mwiniwake anapereka chinali china: anali asanazizolowere. Choponyera miyala chimene anatenga chinali chida chimene dzanja lake linkachidziwa kuyambira kubusa, ndipo ngakhale miyalayo sanangotola ili yonse, anasankha isanu yosalala mumtsinje. Anapita m'dzina la Mulungu wake, inde, koma anapita ndi chida choyesedwa, chosankhidwa mosamala, cholingana ndi msinkhu wake wa tsiku limenelo. Pambuyo pake, atakula n'kukhala msilikali, Davide yemweyo anatenga lupanga la Goliati kwa wansembe wa ku Nobu. Chimene chinali chosamuyenera ali mnyamata chinadzamuyenera atakhwima.

Woyamba kuwombera ali pamalo omwewo. Chiyeso chake chenicheni si mfuti yopepuka yokha ayi. China n'kugula mfuti ya katswiri amene amamusirira, yolemera ndi tizitsulo tonse, poganiza kuti luso limabwera m'bokosi. Zonse ziwiri ndi kukana kudziona mmene alili lero. Kudzichepetsa kumene zipembedzo zimaphunzitsa si kudzinyoza, ndi kudziyeza moona, ndipo mfuti yoyenera ndi imene munthu angainyamule ka 60 osasintha kaimidwe, koma yolemera mokwanira kuti chala chisamaiseweretse. Muyeso umenewo umasuntha. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi ya kunyamula tsiku ndi tsiku ndi kukhethemula mfuti yopanda chipolopolo moyang'anizana ndi khoma loyera, phewa limalimba, ndipo mfuti imene inali yokwana imayamba kupepuka. Pamenepo ndiye pofunika kuwonjezera kachitsulo kolemetsa, kamodzi kaye.

Kuti thupi limaphunzira zimene poyamba zinali zosatheka, palibe anaonetsa bwino kuposa Károly Takács wa ku Hungary. Anali msilikali komanso mmodzi mwa akatswiri a pistol m'dziko lake pamene, mu 1938, bomba la m'manja linamuphulikira n'kumuwononga dzanja lamanja, lomwe ankawombera. Anayamba kuphunzira ndi lamanzere. Mu 1939 anapambana mpikisano wa dziko la Hungary. Nkhondo inalepheretsa Olimpiki ya 1940 ndi ya 1944, koma ku London mu 1948, ali ndi zaka 38, anatenga golide pa kuwombera mofulumira pa mamita 25, ndipo anabwerezanso ku Helsinki mu 1952. Dzanja lamanzere lija silinabadwe lodziwa. Analiyamba pamene linali, lofooka ndi losazolowera.

Pali funso limodzi limene wowerenga wopemphera sangalephere kufunsa, ndipo n'loyenera kulilemekeza: zonsezi zili apo, kodi chinthucho si mfuti? Mbiri ya masewerawa ikusonyeza kuti eni ake nawonso akhala akuvutika nalo. Pa Olimpiki ya ku Paris ya 1900 panali mpikisano wowombera nkhunda zamoyo, ndipo mbalame pafupifupi 300 zinaphedwa; zimenezo sizinabwerezedwenso. Pa mpikisano umene Takács anapambana, chandamale chinali chooneka ngati chithunzithunzi cha munthu woimirira, ndipo pambuyo pake anachisintha kukhala chozungulira. Pa modern pentathlon ya Olimpiki, kuyambira ku London mu 2012, amawombera ndi kuwala kwa laser, popanda chipolopolo chilichonse. Ku Britain, munthu wina atapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo pa sukulu ya ku Dunblane ku Scotland mu Malichi 1996, malamulo a 1997 analetsa anthu wamba kukhala ndi ma pistol a zipolopolo za onga ku England, Scotland ndi Wales, moti akatswiri a dzikolo anayamba kukaphunzirira kunja. Dziko linaona kuti moyo wa ana ndi wofunika kuposa mendulo, ndipo n'kovuta kulitsutsa.

Wolemba nkhani ino akuona kuti chikumbumtima chimene chimakana kugwira mfuti ya mtundu uliwonse n'choyera, ndipo palibe woyenera kuchikakamiza. Akuonanso kuti chimene chimachitika pa mamita 10 n'chotalikirana kwambiri ndi chiwawa. Chiwawa chimafuna mkwiyo ndi liwiro, pamene wokwiya pamzerewu sangawombe 10. Pa 10 Ogasiti 2008, nkhondo ya Russia ndi Georgia ili m'kati, Natalia Paderina wa ku Russia anapata siliva ndipo Nino Salukvadze wa ku Georgia anapata mendulo yachitatu pa pistol ya mpweya ku Beijing. Atakwera polandirira mendulo anakumbatirana pamaso pa dziko lonse. Salukvadze, amene anatenga golide ku Seoul mu 1988 ali ndi zaka 19, anadzafika pa Olimpiki yake ya nambala 10 mu 2024. Komabe mtendere umenewu sumabwera wokha. Umasungidwa ndi malamulo okhwima a pakalabu: mpope uziloza kuchandamale nthawi zonse, chala chisakhale pachokhethemulira mpaka mfuti italunjika, ndipo ikaikidwa pansi ikhale yotsegula, ndi kachingwe koonekera kodutsa mumpope kusonyeza kuti mulibe kanthu. Ku Germany, kumene makalabu owombera ali m'midzi yambiri, mwana saloledwa kuwombera mfuti ya mpweya asanakwane zaka 12 popanda chilolezo chapadera, ndipo aang'ono amayamba ndi za kuwala. Ichi n'chifukwa chinanso chimene woyamba kumene ayenera kuyambira pa mfuti ya mpweya, osathamangira ya zipolopolo za .22 ya pa mamita 25, imene imakankha dzanja ikawomba, chokhethemulira chake chimafuna magalamu 1,000, ndipo pafupifupi m'dziko lililonse imafuna chiphaso cha boma.

Amene mtima wake wakopeka ndi masewerawa asayambire ku sitolo. Ayambe wafunsa zimene malamulo a dziko limene akukhala amanena, poti ngakhale mfuti ya mpweya m'maiko ena imafuna chilolezo. Akatero alowe kalabu yovomerezeka, abwereke mfuti za pomwepo kwa miyezi ingapo, ayese yaitali ndi yaifupi, ndipo amvetsere phewa lake pa chipolopolo cha 50, osati pa choyamba. Pogula, ayambe kuona chogwirira: chimabwera m'masaizi osiyanasiyana, cha dzanja lamanja ndi cha lamanzere, ndipo chikakhala chachikulu kapena chaching'ono, chala sichifika bwino pachokhethemulira, kulemera kwa mfuti kukhale kotani. Kwa munthu wamkulu wamba, ya pakati pa magalamu 850 ndi 1,000, yokhala ndi malo owonjezerapo zolemetsa ndiponso yotha kukhethemulidwa popanda kutulutsa mpweya, ndi poyambira pabwino. Wachinyamata ndi wa mkono waung'ono atsikeko pang'ono. Yogwiritsidwapo kale ntchito si yonyozeka, chifukwa mfuti zimenezi zimakhalitsa. Koma asanapereke ndalama aone deti lodindidwa pa kathanki ka mpweya: kakapitirira zaka 10, malamulo a mpikisano sakalolanso pamzere wowombera.